Mmene ndinapezera ola limodzi patsiku lophunzira kupanga mawebusayiti kuno ku Mzuzu

Ndalemba izi chifukwa cha anyamata ndi atsikana omwe amabwera kushopu kwathu kudzapulinta ma CV, akaona ndatsegula VS Code, pulogalamu yolembera code ya mawebusayiti, pakompyuta amandifunsa kuti achimwene zimenezi munaphunzira kuti, nanga nthawi mumaipeza bwanji poti tsiku lonse mumakhala pompano. Yankho lake silikwana pa kauntala pomwe pali mzere wa anthu ofuna fotokope, nde ndati ndilembe zonse mmene zinayendera, ndi ndalama zomwe zinalowa mmadzi ndizitchule ndithu.

Ine kwathu ndi ku Dedza koma ku Mzuzu ndakhalitsa, ndimakhala ku Mchengautuwa ndi mkazi wanga ndi ana awiri. Ntchito yanga ndi ya mu stationery ina mtauni muno, kupulinta, fotokope, kutayipa makalata, kubayinda ma project a ana a ku Mzuni nthawi yawo ikakwana. Timatsegula 7:30 mmawa kutseka 5:30 madzulo, Loweruka timaweruka masana. Za mawebusayiti zinandilowa kumayambiriro kwa 2022 pomwe mayi ena a loji anabwera kudzapulinta ma flyer nkundifunsa ngati timapanganso webusayiti. Ndinati ayi mayi, ife zimenezo sitipanga. Atanditchulira ndalama yomwe munthu wina wa ku Lilongwe anawatchaja pa masamba anayi okha, inali yoposa malipiro anga a miyezi iwiri, ndinakwera kabaza tsiku limenelo mutu uli pa zomwezo.

Ndinasonkhanitsa zanga zochepa, mkazi wanga anakatapa zina ku banki mkhonde, ndikugula laputopu yogwiritsidwa kale ntchito pa K180,000. Apa ndichenjezeretu aliyense yemwe akufuna kugula laputopu ya mtundu umenewu, musanapereke ndalama auzeni azule chaja, ikhale choncho mukuiona kwa mphindi makumi atatu olo kuposa. Yanga ija inkaoneka yabwino kwambiri ili pa soketi, koma batire lake linkatha mphindi makumi awiri zisanakwane, ndipo chaka chimenecho chinali choipa pa nkhani ya magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi ma megawati 130, moti chaka chonsecho magetsi ankathima maola ambirimbiri patsiku. Laputopu yopanda batire nthawi imeneyo inali yongoyang'ana basi.

Dongosolo langa loyamba linali la Lamlungu. Ndinkati mkati mwa sabata ndimatopa, nde ndikabwera kutchalitchi, tadya nsima, ndikhala pansi kuyambira 2 koloko mpaka usiku ngati magetsi alipo. Ndinkatsegula vidiyo ya pa YouTube ya maola asanu ija yoti phunzirani HTML ndi CSS yonse (HTML ndiyo imamanga tsamba la webusayiti, CSS nkulikongoletsa), munthu akulemba ine ndikugwedeza mutu, zonse zikumveka bwinobwino, pena ndikukopera zomwe akulembazo mzere ndi mzere tsamba nkutuluka lokongola ngati lake. Ndinkagona mtima uli mmalo kuti lero nde ndaphunzira. Kufika Lamlungu linalo ndikatsegula fayilo yomwe ija sindinkadziwa olo chifukwa chomwe ndinalembera display flex pamenepo. Ndinkabwereranso koyambirira kwa vidiyo, bandulo ina nkupitanso. Zili ngati dimba, simungathire ndowa makumi awiri tsiku limodzi nkulisiya sabata yonse nkumati masamba amera.

China chinandisokoneza ndi kumvera aliyense. Pa Facebook wina analemba kuti HTML si programming, yambani Python, chilankhulo china cholembera mapulogalamu, ine nkusiya CSS pakati kuyamba Python. Patapita masabata angapo wina akuti ntchito zili ku React, chida china chomangira mawebusayiti, ine nkudumphanso, kulemba npm install kuti ndidawunilode zofunikira zake, bandulo ya sabata yonse nkutha ndikuyang'ana, chonsecho JavaScript yeniyeniyo, chilankhulo chomwe chimachititsa tsamba kuchita zinthu komanso chomwe React imakhalapo, ndinali ndisanaigwire nkomwe. Ndinalipiranso kosi ina ya pa intaneti ya madola kudzera pa khadi la mnzanga, ndipo inali nthawi yoti kwacha yangogwetsedwa kumene ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nde inandiwawa mthumba. Kosi imeneyo sindinafike nayo olo pakati. Ndikawerengera bandulo ndi kosi ija, miyezi yoyambirirayo ndinataya ndalama yoposa K70,000 popanda tsamba olo limodzi loti ndingaonetse munthu kuti ili ndapanga ndekha.

Pofika Ogasiti ndinali nditasiya. Sindinauze munthu kuti ndasiya, ndinkangoti ndikudikira magetsi akhazikike. Laputopu inasanduka yoonerapo makatuni ana. Tsiku lina mkazi wanga akuwerenga ndalama zoti akabweze ku gulu anangoti, "Bambo a ana, ngongole ija ndikubweza ndine, nanga sukulu yanu ija ili pati?" Sanakalipe ayi, anangofunsa, koma mawu amenewo anandikhala pamtima masiku ambiri. Ndinayamba kuganiza kuti mwina zinthu zimenezi ndi za anthu omwe anachita ICT ku yunivesite, osati ife a fomu folo.

Zinasintha kumayambiriro kwa 2023. Kunabwera bambo ena achikulire pang'ono kudzabayinditsa lipoti, munthu wopanga ma system a mabungwe, ndipo poti makina ankachedwa kutentha tinayamba kucheza. Ndinawauza kuti inenso ndinaphunzirako za mawebusayiti. Anati chabwino achimwene, tsegulani Notepad apo, mundilembere tsamba lokhala ndi mutu, chithunzi chimodzi ndi ma link atatu, osayang'ana paliponse. Ndinalemba html, ndinalemba body, ndikuima. Mmene amaikira chithunzi ndinali nditaona kambirimbiri koma zala zinakana, src ija yolozera fayilo ya chithunzi sinabwere mmutu. Bambo aja sanandiseke. Anati, "Mwaonera zambiri achimwene, koma manja anu sanagwire ntchito. Pezani ola limodzi tsiku lililonse, nthawi yake ikhale yomweyomweyo, ndipo mu ola limenelo muzilemba inuyo, vidiyo muzitsegula pokhapokha mwakanika." Anandiuzanso za 100DaysOfCode, yomwe anayambitsa Alexander Kallaway mu 2016, yoti munthu uzilemba code kwa ola limodzi tsiku lililonse kwa masiku 100. Ine za kulengeza pa intaneti tsiku ndi tsiku sindinazitsate, koma ola lija ndinalitenga.

Tsono vuto linali loti ola limenelo lichokera kuti, ndipo apa mpomwe anthu ambiri amagwera. Ndinayesa madzulo ndikaweruka. Sizinatheke, ukafika kunyumba 6 koloko yadutsa, ana akufuna uwathandize homuweki, mwina kwabwera mlendo, nthawi yomweyonso ndi yomwe magetsi amakonda kuthima, ndipo mutu umakhala utatopa ndi phokoso la makina a fotokope tsiku lonse. Ndinayesa nthawi ya lanchi kushopu, koma kasitomala sadziwa kuti uli pa lanchi, ukangotsegula fayilo wina wafika ndi ma ID oti ujambule. Inatsala nthawi imodzi yokha yomwe palibe amene amaifuna, mbandakucha. Ndinaika alamu 4:20, kukhala pansi 4:30 mpaka 5:30, kenako nkuyamba zotenthetsa madzi ndi kukonzekeretsa ana.

Ndikuuzeni zoona, ola limenelo silinabwere laulere. Kuti udzuke 4 koloko uyenera kugona 9 koloko, nde mpira wa Champions League wa mkati mwa sabata womwe umatha pakati pausiku ndinausiya, zocheza pa gulosale madzulo ndinachepetsa, anzanga ena mpaka anayamba kunena kuti ndayamba matama. Ndipo amene amakhala ku Mzuzu akudziwa mmene kumazizirira mu Juni ndi Julayi, kunja kuli chifunga, kamvula kowaza kaja kakugwa padenga, simenti ya pabalaza ikuluma mapazi. Ndinkakhala pa tebulo nditafunda bulangete, nditavala masokosi awiri, zala zitauma moti kulemba ma bracket kunkavuta mphindi zoyambirira. Masiku ena alamu ikalira ndinkamva kuwawa mumtima kwenikweni poganiza zotuluka mmabulangete.

Chomwe chinandithandiza kwambiri, ndipo ndikanakonda ndikanachichita pachiyambi pomwe, ndi kukhala pansi ndi mkazi wanga nkumufotokozera zonse. Poyamba ankangoona munthu akudzuka usiku kupita pabalaza ndi foni ndi laputopu, ndipo mukudziwa maganizo omwe amabwera mbanja zikatero. Ndinamuonetsa chomwe ndikumanga, ndinamuuza kuti bandulo ya zophunzira isapitirire K10,000 pamwezi ndipo isakhudze ndalama ya ndiwo, tinagwirizana. Kuyambira pamenepo anayamba kumandisiyira tiyi mu fulasiki usiku, ndipo tsiku lomwe ndazimitsa alamu nkugonanso ankandigwedeza, "Dzukani bambo, nthawi yanu ija ikutha." Ngati mumakhala ndi makolo kapena achibale, auzeninso, anthu akadziwa kuti ola ili ndi la chiyani amalilemekeza.

Chachiwiri ndi kope. Masabata oyambirira ndinkadzuka bwinobwino koma theka la ola linkathera posankha choti ndichite, kutsegula ichi, kutsegula icho, kusuzumira pa WhatsApp, kuzindikira 5 koloko yakwana. Nde ndinagula kope wamba la ana asukulu, usiku ndisanagone ndimalembamo chinthu chimodzi chokha cha mawa, chaching'ono, monga "menu ikhale yopingasa pa kompyuta koma yotsika pa foni" kapena "batani likadinidwa mtundu usinthe". Mmawa ndikangokhala pansi ndimadziwa poyambira. Ola likatha ndimalemba mizere iwiri, chomwe chatheka ndi pomwe ndakanikira. Foni imatsala kuchipinda pokhapokha ngati ndikufuna hotspot, ndipo ndikatero ma notification onse ndimatseka.

Nkhani ya bandulo ndi magetsi ndikhalepo pang'ono chifukwa malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu omwe ali ndi Wi-Fi yosatha. Choyamba, mukalumikiza laputopu ya Windows ku hotspot ya foni, pitani ku ma setting a Wi-Fi muike kuti metered connection, apo ayi Windows iyamba kudzipanga update mwakachetechete bandulo nkutha inu musanalembe kanthu. Kenako dziwani kuti HTML, CSS ndi JavaScript sizifuna intaneti kuti muziyeserere, mumalemba fayilo, kuisunga, kuitsegula mu Chrome, basi. Zowerenga ndinasamukira ku freeCodeCamp, yomwe ndi yaulere ndipo maphunziro ake ambiri ndi olemba osati vidiyo nde sadya data kwambiri, komanso imakukakamiza kulemba wekha usanapite patsogolo. Pofufuza tanthauzo la chinthu ndimadalira webusayiti ya MDN yomwe imafotokoza za HTML, CSS ndi JavaScript, ndipo pali DevDocs yomwe imakulola kusunga zolemba za HTML, CSS ndi JavaScript mu browser kuti uziwerenga olo neti palibe. Vidiyo ndikaifuna ndimaidawuniloda pa 360p kapena 480p ngati zilembo sizikuoneka, kamodzi kokha, nkumaibwereza mmene ndingafunire. Batire ndinagula latsopano pa K45,000, ndalama yomwe ndikanayenera kuwononga kalekale mmalo mwa kosi ija, ndipo abwana anandilola kumatchaja laputopu kushopu masana kuti mmawa ikhale yodzaza kaya magetsi alipo kaya palibe. Tsiku lomwe zonse zakanika ndimalemba code mkope ndi bolopeni pa tochi ya foni, mawa lake nkuitayipa kuona ngati ikuyenda. Zikumveka zachikale koma zimenezi zinandiphunzitsa kutseka ma tag kuposa vidiyo iliyonse.

Ndinasiya zodumphadumpha nkusankha chinthu chimodzi chomanga, webusayiti ya shopu yathu yomwe. Miyezi yoyamba inali ya HTML ndi CSS basi, tsamba la mitengo, tsamba la komwe tili, kuphunzira flexbox ndi media query mpaka lizioneka bwino pa foni, chifukwa makasitomala athu pafupifupi onse amatsegula pa foni. Kenako ndinafuna kuikapo kowerengetsera, munthu alembe masamba angati a black and white, angati a kala, imuuze mtengo. Apa mpomwe JavaScript inandigwira. Ndinalemba kuti iphatikize mabokosi awiri aja, ndikaika 10 ndi 5 mmalo mondipatsa 15 inkandipatsa 105. Mmawa woyamba ndinaufufuta code yonse nkulembanso, zomwezo. Mmawa wachiwiri ndinakumbukira zoti ukadina F12 mu Chrome pamatuluka console, malo oonera zomwe code ikuchita, ndinaika console.log ndi typeof kuti ndione chomwe chikuchokera mbokosimo, inalemba kuti string. Kani chilichonse chochokera mu input chimabwera ngati mawu osati nambala, nde chizindikiro cha + chimangolumikiza 10 ndi 5 ngati zilembo. Nditakulunga zonse ziwiri mu Number() nkudina batani, panatuluka 15. Ndinaimirira ndi bulangete langa lija, ndinalowa kuchipinda kukadzutsa mkazi wanga kuti adzaone, iye anangoti zikomo bambo nkutembenuka, koma ine tsiku lonse kushopu ndinali wosangalala. Chinthu chimenecho sindidzaiwalanso, pomwe ndikanachiona pa vidiyo Lamlungu chikanadutsa ngati zina zonse zija.

Chakumapeto kwa dzinja hard disk ya laputopu inafa, ndipo mafayilo onse anali mmenemo, ndinalibe kopi kwina kulikonse kupatula zomwe zinali mkope. Ndinakhumudwa kwambiri, koma chodabwitsa nchakuti nditaikitsa ina ndinamanganso webusayiti yonse mmasabata ochepa, yabwino kuposa yoyamba, chifukwa tsopano zinali mmanja. Komabe musadikire zimenezi, phunzirani msanga Git, pulogalamu yosunga code ndi zonse zomwe mwasintha, malamulo atatu okha akukwanirani poyamba, git add, git commit ndi git push, ndipo tsegulani akaunti yaulere ya GitHub, komwe code yanu izisungidwa pa intaneti. Mafayilo a code ndi aang'ono, push sidya bandulo. GitHub Pages inandilolanso kuika webusayiti ija pa intaneti osalipira kanthu. Pamenepo ndinaphunziranso zina ziwiri. Logo yomwe inkaoneka bwino pa laputopu yanga inasowa pa intaneti, chifukwa fayilo inali Logo.PNG koma mu code ndinalemba logo.png, Windows sisamala za zilembo zazikulu ndi zazing'ono koma seva imasamala. Komanso zithunzi zojambula pa foni zimakhala ma MB atatu kapena anayi chimodzi, tsamba linkatenga nthawi yaitali kutseguka pa netiweki ya ku Mchengautuwa, nde muzizichepetsa kaye musanaziike, munthu wa bandulo ya tsiku limodzi sangakudikireni.

Sikuti tsiku lililonse zinkatheka ayi. Kunagwa maliro kwathu ku Dedza, nditabwerako malungo anandigwira, masabata angapo anadutsa osatsegula laputopu. Maganizo aja a 2022 anabweranso, oti basi zasokonekera. Chomwe ndinachita ndi kudzuka nthawi yomwe ija koma kudziuza kuti lero mphindi khumi ndi zisanu zokha, kuwerenga zomwe ndinalemba komaliza mkope ndi kusintha kanthu kamodzi. Mawa lake chimodzimodzi, sabata isanathe ola linali litabwerera. Musayese kubweza masiku otayika pokhala maola asanu Lamlungu, mubwerera ku matenda akale aja.

Ntchito yoyamba yolipidwa inabwera chakumapeto kwa 2023, sukulu ina ya mkaka yomwe mwini wake amapulinta kwathu ndipo anaona webusayiti ya shopu pa foni yanga. Ndinawatchaja K120,000 zonse pamodzi, kupanga, dzina la webusayiti (domain) ndi hosting ya chaka, malo osungira webusayitiyo pa intaneti. Tinagwirizana mu Okutobala, ndalama anamaliza kupereka mochedwa, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti ndisanalipire hosting yomwe mtengo wake umatsatira dola. Phindu lambiri linathera pamenepo, kuphatikizapo zosinthasintha zomwe sitinapangane, lero chithunzi ichi, mawa mtundu uwo. Pano ndimalemba papepala, ntchito ya manja anga mtengo wake padera, domain ndi hosting kasitomala amalipira yekha pa mtengo wa tsiku limenelo ndipo akaunti imakhala mdzina lake, theka la ndalama ndisanayambe, zosintha kawiri kokha zikapitirira ndi mtengo wina.

Ntchito ya kushopu sindinasiye, ndipo sindingauze munthu kuti asiye yake, chifukwa za mawebusayiti zimabwera mwezi uno kenako miyezi iwiri zii. Koma ngongole ya ku banki mkhonde ija tinabweza, ndipo fizi ya mwana wamkulu teremu zina imachokera kumeneku. Kuyambira pomwe ndinayamba ola la mbandakucha kufika pa ndalama yoyamba panadutsa pafupifupi chaka, osati miyezi itatu yomwe ena amalonjeza. Panopa ndili pa PHP ndi MySQL, zomwe zimagwira ntchito pa seva ndi kusunga zinthu za webusayiti, ndinaika XAMPP yomwe imayendetsa seva pa laputopu pomwepo popanda intaneti, chifukwa makasitomala ayamba kufunsa zoti azitha kusintha okha mitengo ndi zithunzi. Mkope mwa usiku uno ndalemba kuti mawa ndikonze fomu ya login kuti password izisungidwa ndi password_hash, osati poyera mmene ndinaisiyira dzulo.